Apongozi Atsala Kunja kwa Chithunzi

Mkamwini, yemwe ntchito yake ndi kujambula nyumba pa kompyuta anthu asanazimange, anatha masabata atatu akujambula nyumba yake yomwe, mmene idzaonekere akadzawonjezera kumbali chipinda cha apongozi ake. Loweruka m'mawa, mkazi wake atapita ku ntchito, apongoziwo anafika kudzaona, nakhala pabalaza chikwama chili pamiyendo, ndipo iye anawapatsa pepala likadali lofunda kuchokera mu pulinta, mwini wake osaliyang'ana n'komwe.

"Nayi nyumba, amayi."

Apongozi anatulutsa magalasi, anawapukuta, anavala. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako analitembenuza.

"Kuseriko kulibe kanthu, amayi."

"Ndaona. Ndimati mwina ndili kunoko."

"Bwanji?"

"Ichi n'chipinda chanu. Ichi n'cha ana. Khitchini ndi iyi. Iyi ndi thanki ya madzi. Ine ndili pati?"

"Kumanja uko, kumapeto."

"Kumapeto kuli chala changa."

"Tachotsani chalacho."

Anachotsa. Pansi pa chalacho panali chidutswa cha khoma, ngodya ya denga ndi theka la chitseko. Nyumba inathera pomwepo ngati aidula ndi mpeni.

Mkamwini analanda pepala lija, ndipo m'khwapa munayamba kutentha. Chipinda chimenecho ndi chimene anachigwirira ntchito kuposa nyumba yonse. Mkazi wake anali atamuuza pochoka kuti amayi akakondwa nacho, nkhani yatha, mwezi wamawa ayambe kukumba maziko. Akapanda kukondwa nacho, ayankhe yekha.

"Musadandaule, amayi," iye anatero. "Chipinda chilipo. Pazenera chikuoneka bwinobwino."

Apongozi anaimirira, anapita pazenera, anakoka katani.

"Ndikuona chingwe choyanikapo zovala, ndowa, ndi galu wa eni."

"Osati zenera limenelo! Zenera la mu kompyuta. Pamene ndimagwirira ntchito timapatcha zenera."

"Mukadanena." Anabwezeretsa katani mmene inalili. "Munthu akati zenera, ine ndimapita pazenera."

Iye anatembenuza laputopu pa tebulo kuti aone. Nyumba yonse inali pamenepo kuyambira ku thanki mpaka kumapeto, chipinda chatsopano chili gwa kumanja.

"Eya, icho," anatero apongozi. "Chilipo ndithu. Ndiye mukamatulutsa pa pepala chimapita kuti?"

"Sichipita kulikonse. Chimangotsala kunja kwa malire."

"Malire a ndani? Mwandimangira pa malo a eni?"

"Ayi, malire a kamera."

"Kamera?"

"Pali kamera imene imayang'ana nyumbayi."

Apongozi anakweza maso, nayang'ana m'ngodya zonse zinayi za pabalaza. Anamanga batani lapakhosi la bulauzi.

"Akuonerayo ndani?"

"Palibe, amayi. Si kamera yeniyeni. Ili m'kati mwa pulogalamu."

"Ndiye kamera yabodza ikukana kundiona."

"Sikukana. Kungoti simukukwana."

Mu khitchini firiji inayamba kung'ung'udza.

"Sindikukwana," anatero apongozi.

"Ndikunena chipinda."

"Mwana wanga akudziwa kuti sindikukwana?"

"Amayi, tandimverani. Zithunzi zilipo ziwiri. Ichi mukuchiona pazenerachi n'chogwirirapo ntchito. Ndikadina apa, kompyuta imawerengetsa kuwala ndi mithunzi, n'kutulutsa chithunzi chomaliza. Chimenecho ndi chimene chimapita pa pepala."

"Ndamva."

"Mwamva eti?"

"Chilipo cha pamaso panga, chilipo cha ndikachoka."

"Si choncho!"

"Nanga chomanga amisiri n'chiti? Chogwirirapo ntchito kapena chomaliza?"

Mkamwini anayang'ana pulinta. Kenako anati: "Yalakwa ndi pulinta. Pulinta imeneyi ili ndi makhalidwe. Dikirani ndiyambirenso, muone nokha."

Anadina. Laputopu inayamba kupuma ngati yathamanga, chithunzi chikutuluka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Kunabwera mitambo. Kunabwera denga. Apongozi anapinda manja, osaphethira. Patatha mphindi zinayi nyumba inaima pa sikirini, yowala bwino, itadulidwa pamalo omwe aja.

"Pulinta ija," anatero mkamwini.

"Pulinta simunaigwire. Ili apo, yazima."

"Imasokoneza ngakhale ili chizimire."

"Oho."

Apongozi anasendeza mpando, nayandikitsa nkhope pa sikirini. Pambali pa nyumba panali timabokosi tambiri ta manambala. Analoza tiwiri.

"Apa alemba 1000. Apanso 1000. N'chiyani?"

"Amenewo sitikhudza."

Chilungamo chake, manambala amenewo anaikapo ndi mnzake amene anamuikira pulogalamuyo zaka zinayi zapitazo. Chiyambire, nyumba zonse zimene mkamwini anajambulira anthu zinali zonjuta, zofanana mbali zonse ngati bokosi, ndipo zinkakwana popanda vuto. Iyi inali nyumba yake yoyamba yaitali. Koma munthu amene anthu amamutcha katswiri sangauze apongozi ake kuti pa chida chake chomwe pali malo amene amawaopa.

"Sindinafunse ngati mumakhudza. Ndafunsa kuti n'chiyani."

"Ndi madontho."

"Madontho."

"Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho. Chikwi chopingasa, chikwi chotsika. Chipinda chanu chili pamene madontho atha. Kuti chilowe pangafunike madontho ena mwina mazana asanu ndi anayi."

"M'chipinda changa?"

"Eya, mbali yanuyo."

"Inu muli ndi malata abwino, ine madontho mazana asanu ndi anayi."

"Si a mvula, amayi!"

"Kaya ndi a chiyani, ine ndowa ndilibe zokwanira."

Mkamwini anapukuta nkhope ndi dzanja. "Chabwino. Njira ilipo yosavuta. Ndingobwerera m'mbuyo."

"Ndinadziwa."

"Munadziwa chiyani?"

"Kuti pa nkhani ya chipindayi mudzabwerera m'mbuyo. Ndimangodikira tsiku."

"Ndikubweza kamera! Ikaima patali iona zonse."

Anakoka mausi. Nyumba inayamba kuchepa, kuchepa, mpaka yonse inalowa m'malire. Anadinanso, nadikira mphindi zinayi zina. Chimene chinatuluka chinali thambo lalikulu pamwamba, udzu wambiri pansi, ndi kanthu pakati ngati bokosi la machesi.

"Ndi imeneyo," iye anatero. "Yonse. Palibe chaduka."

Apongozi anavula magalasi, anapukuta, anavalanso.

"Tikusamuka?"

"Ayi."

"Nanga thengo lonseli lachokera kuti?"

"Ndi malo ongodzazira."

"Basi imafika kumeneko?"

"Amayi, nyumba ndi ino tilimoyi. Chipinda chanu ndi ichi." Analoza ndi nsonga ya cholembera.

"Ndimayesa ntchentche."

Iye anabweza kamera pamalo pake. Tsopano thukuta linafika m'khosi. "Tiyese kwina. Ndiitembenuzira kumanja pang'ono."

Nthawi iyi sanadikire chithunzi chomaliza. Anangoyatsa mizere yosonyeza pamene kamera ikulekeza. Pakati pa zenera lija panaoneka bokosi, za kunja kwake zitachita mdima. Anatembenuza kamera mpaka chipinda cha apongozi chinalowa chonse m'bokosimo.

"Mwalowa!" anatero mokondwa.

"Ndalowa. Koma inu mwatuluka."

Zinali zoona. Kumanzere, chipinda chake ndi mkazi wake chinali mu mdima, pamodzi ndi thanki.

"Zimenezo zilibe kanthu."

"Zilibe kanthu? Mwana wanga azigona pati?"

"Chipinda chathu chilipo, sichikuoneka chabe."

"Mawu omwewo munanena za changa." Apongozi anakhala tsonga. "Akamwini, ndikuuzeni. Ine sindinabwere kudzathetsa banja. Ngati kulowa kwanga ndi kutuluka kwanu, nenani, ndinyamule chikwama."

"Palibe akutuluka!"

"Thanki nayo mukupita nayo?"

Mkamwini anabweza kamera msangamsanga. Anayang'ana timabokosi tiwiri tija, 1000 ndi 1000, kenako anayang'ana kumbali.

"Pali njira ina," anatero. "Ndikuchepetseni pang'ono."

"Pitirizani. Mwayamba kale m'mawa."

"Chipinda, amayi. Pa chithunzi pokha."

Anasankha chipindacho, nachifinya kuti chilowe m'malire. Chinalowa. Koma pakhomo pake panali kachidole ka munthu kamene amaika kuti aziyezera msinkhu wa zitseko, ndipo iko sikanachepe nawo. Mutu wake unaboola denga, mapewa ali pa malata.

"Ameneyo ndani?"

"Munthu woyezera."

"Akutani m'chipinda changa?"

"Wangoima."

"Ndani wamupatsa kiyi?"

"Si munthu weniweni."

"Kamera si yeniyeni, munthu si weniweni, mvula si yeniyeni. Chenicheni pa nkhaniyi n'chiyani?"

"Chipinda chanu!"

"Chimene munthu akaimirira mutu ukutulukira padenga."

Iye anabweza chipinda mmene chinalili. Anaganiza kanthawi, akugogoda tebulo ndi zala. Kenako nkhope inawala.

"Ndapeza. M'mbali malo atha, koma pamwamba malo alipo ambiri. Ndikukwezani pamwamba."

Ananyamula chipinda chonse ndi mausi, nachikhazika padenga la khitchini. Chinakwana m'malire bwino lomwe, mpata n'kutsala.

Apongozi anayang'ana chipindacho. Anayang'ana mawondo awo.

"Makwerero ali kuti?"

"Safunika. Ndi pa chithunzi chabe."

"Ndizikafikako bwanji?"

"Simuzikafikako."

"Zikomo ponena zoona."

Anatsegula chikwama, natulutsa foni.

"Mukuimbira ndani, amayi?"

"Mwana wanga. Amve kuti pofika teni koloko ndamangiridwa pa malo a eni, ndadonthedwa, ndatayidwa kuthengo, ndachepetsedwa, ndipo pano ndili padenga."

"Chonde, ali pa ntchito."

"Ayankha. Amayi ake sakhala padenga tsiku lililonse."

"Ndipatseni mphindi zisanu!"

"Mwadya kale zinayi kawiri."

Mkamwini anatsitsa chipinda padenga, nachibwezera kumanja kumene chinali. Ankamudziwa mkazi wake. Sakanakalipa pa foni. Akanangoti "tikambirana ndikabwera," ndipo iye akanakhala tsiku lonse akudikira mawu amenewo ngati jekeseni.

Apongozi anali akufufuza nambala, foni ili patali ndi maso. Kenako analeka. Anayang'ana sikirini, nayang'ana pepala loyamba lija pa tebulo, nayang'ananso sikirini. Anaika foni pansi, napisanso m'chikwama. Anatulutsa tepi yoyezera yachikasu, yofufutika manambala chifukwa cha zaka makumi atatu zimene anasoka zovala za anthu.

"Sendezani dzanja."

"Amayi, sikirini imakalika."

"Ndayezapo akwatibwi ovala zoyera, palibe anakalika."

Anayala tepi pazenera la mu kompyuta, chopingasa kenako chotsika, milomo ikuwerenga. Anayezanso chithunzi cha pa pepala.

"Ili zenera lanuli n'lalitali m'mbali, lalifupi chotsika. Ichi cha pa pepala n'chofanana mbali zonse."

"Ndi mmene zimakhalira."

"Mukuyala nsalu ya diresi, n'kudula ndi muyezo wa kampango ka m'thumba. Ndiye mukudabwa kuti manja a diresi apita kuti."

"Iyi si nsalu, amayi. Iyi ndi ntchito ya ukatswiri."

"Ili ndi mulitali?"

"Ili nawo."

"Mulifupi?"

"Ili nawo."

"Ndi nsalu." Anakulunga tepi pa zala. "Nambala yapamwambayi ndi ya chopingasa?"

"Eya. Koma sitikhudza."

"Anakuletsani ndani?"

"Palibe."

"Mukakhudza imaluma?"

"Siluma."

"Zenera lanulo lili ndi madontho angati?"

Iye anayang'ana pansi pa zenera pamene panalembedwa timanambala tating'ono, timene anakhala akutiona zaka zinayi osatiwerenga. "1920 chopingasa. 1080 chotsika."

"Ndiye uko muli ndi muyezo wina, kuno muyezo wina."

"Vuto si limenelo."

"Chabwino." Anatolanso foni.

"Dikirani!" Mkamwini anakoka mpweya. "Ndisintha. Osati chifukwa ndi pamene palakwika, ayi. Ndisintha kuti muone ndi maso anu kuti si pamenepo, nkhani ya manambalayi ithe."

"Sinthani, ndione kulakwa kwanga."

Anafufuta 1000 woyamba ngati munthu wodula waya wa magetsi. Analemba 1920. Palibe chinaphulika. Anafufuta wachiwiri, nalemba 1080. Bokosi la malire lija linatambasuka kumanja ndi kumanzere mpaka linagundana ndi m'mphepete mwa zenera, mdima wa m'mbali wonse n'kutha. Thanki inakhalabe m'kati. Chipinda cha apongozi chinalowa, mpata wa maluwa n'kutsala.

Onse awiri anasendera pafupi ndi sikirini.

"Sizinatsimikizike," anatero mkamwini. "Tione chomaliza."

Anadina. Laputopu inapuma mphindi zisanu ndi ziwiri. Kunabwera mitambo, denga, makoma. Nyumba inatuluka yonse, chimodzimodzi mmene inkaonekera pazenera.

"Mwaonatu," iye anatero, akukonza kolala. "Ndimadziwa kuti n'zimenezi. Ndimafuna muone kaye njira zina zonse kuti mumvetse bwino."

"Ndamvetsa."

Anayatsa pulinta, naiuza kuti pepala ligone chammbali. Pepala litatuluka analiyang'ana yekha kaye, kawiri, asanalipereke ndi manja awiri.

Apongozi analilandira. Nthawi ino sanalitembenuze. Chipinda chawo chinali ndi khomo lakelake ndi kakhonde ka mpando umodzi. Zenera linali lalikulu, loyang'ana kumene dzuwa limatulukira, ndipo m'kati, kuseri kwa galasi, munkaoneka tebulo lokhala ndi makina osokera.

"Makinawa?"

"Ndimati mwina mudzafuna kumasokabe. Pamenepo kuwala kumalowa bwino."

"Nanga chitsulo ichi pakhomo?"

"Chogwira mukamakwera sitepe. Chifukwa cha mawondo. Sitepe ndi imodzi yokha, ndinaifupikitsa."

Apongozi anavula magalasi. Anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Ndani anakuuzani za mawondo?"

"Ndimaona mukamatsika basi."

"Mmm." Anavalanso. "N'chabwino, akamwini. N'chabwino kwambiri. Mwana wanga anasankha."

Mkamwini anamva mapewa akutsika. Kwa nthawi yoyamba chiyambire m'mawa anakhala pa mpando wonse, osati kunsonga. Anayamba kuganiza mmene akafotokozere nkhaniyi kwa mkazi wake, ndi zimene akasiye osanena.

"Ndiye ndikutulutsireni lina loti mupite nalo?"

"Eya. Mawa ndikupita kwa mlamu wanu, mwana wanga wamkulu uja. Akufunika aone."

"Ndithu, aone! Nditulutse awiri, lina mumusiyire."

"Zaka zisanu wakhala akundiuza kuti andimangira nyumba kuseri kwa yake. Nyumba yathunthu, ya zipinda ziwiri ndi bafa. Njerwa anaumba, zikumera udzu. Ndikafunsa amati, amayi mukufulumira chiyani, poti kwa mlongo wanga malo alipo."

"Ndiye akaona ichi mtima ukhala pansi."

"N'chimene sindikufuna."

Apongozi anapinda pepala labwino lija mosamala, naliika pansi pa laputopu.

"Ili libiseni. Maziko kumbani, chipindacho ndachifuna. Koma mlamu wanu asamve."

"Nanga mukamuonetsa chiyani?"

"Manambala aja anali 1000 ndi 1000, eti?"

Mkamwini anaimirira. "Amayi! Akaona chimenecho adzati ndakuthamangitsani!"

"Adzatero. Mwina adzakuimbiraninso foni. Mupirire."

"Koma tavutika m'mawa wonse kuti mukwane!"

"Ndipo ndakwana, ndathokoza." Anakhazika chikwama pamiyendo, naloza timabokosi tija ndi chibwano. "Tsopano khalani pansi, akamwini, mundidule bwinobwino."